Kabuku ka Jerome ndi Mlandu wa Abale a Yesu

Pali mlandu umene unakambidwa mu mzinda wa Roma zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo kufikira lero sunagwe. Mlanduwo ndi uwu: kodi Mariya, atabala Yesu, anakhala ndi Yosefe monga akhalira mkazi ndi mwamuna wace nabala ana ena, kapena anakhala wosadziwa mwamuna kufikira tsiku la imfa yace? Akatolika pamodzi ndi mipingo ya Orthodox aphunzitsa kuti anakhala wosadziwa mwamuna masiku onse a moyo wace. Akristu ambiri a mipingo ya Ciprotestanti akana, nati Malembo achula poyera abale ndi alongo a Yesu. Ife amene tinaphunzira m'masukulu a mishoni tidziwa bwino umo nkhaniyi iutsira mkangano m'nyumba zogona anyamata, pa ulendo, ngakhale pa maliro pamene. Okanganawo aponyerana ndime ziwiri kapena zitatu, yense nayesa mnzace mbuli, osadziwa kuti ndime zomwezo anaponyerana kale anthu awiri ophunzira, Helvidius ndi Jerome.

Cimene ndifuna kucita pano ndico kupenda kabuku kamene Jerome analemba pafupi ndi caka ca 383, kochedwa m'Cilatini Adversus Helvidium, ndiko kunena kotsutsa Helvidius. Jerome anali munthu wodziwa Cilatini, Cigriki ndi Cihebri. Pa nthawiyo anali mlembi wa Papa Damasus ku Roma, ndipo ndiye anatembenuza mbali yaikuru ya Baibulo la Cilatini lochedwa Vulgate. Anamwalira ku Betelehemu m'caka ca 420. Kabuku kace ndi kakafupi, munthu angathe kukawerenga madzulo amodzi, koma mipingo ya kumadzulo inatsata maganizo ace pa abale a Yesu kwa zaka zoposa cikwi. Kabuku ka mphamvu yotere kayenera kuyesedwa mosakondera, kuti tione pamene kanena zolimba ndi pamene kangokuwa.

Poyamba owerenga adziwe cinthu cimodzi. Buku la Helvidius linatayika. Zonse zimene tidziwa za maganizo ace tizimva m'kamwa mwa Jerome, mdani wace. Pa bwalo la kwathu mfumu siweruza mlandu itamva wodandaula yekha, tsono ifenso tiyenera kukumbukira kuti woimbidwa mlandu palibe, ndipo mau ace tiwamva monga anawasankha wotsutsana naye. Komabe Jerome anasunga mitu ya mnzaceyo mokwanira kuti tiizindikire. Helvidius anati Mateyu 1:18 ndi 1:25 asonyeza kuti Yosefe anadziletsa kufikira mwana atabadwa basi. Anati Luka 2:7 acha Yesu mwana woyamba, ndipo woyamba afuna waciwiri. Anati Marko 6:3 achula abale anai, Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni, pamodzi ndi alongo. Ndipo pomariza anati ukwati suli wocepa pamaso pa Mulungu poulinganiza ndi umbeta wa anthu odzipereka.

Tiyambe ndi liu lakuti “kufikira.” Jerome ayankha kuti liuli silinena nthawi zonse kuti zinthu zinasintha pambuyo pace. Apereka zitsanzo za m'Malembo: pa Mateyu 28:20 Ambuye alonjeza kukhala ndi ophunzira ace kufikira cimariziro ca nthawi, ndipo palibe aganiza kuti pambuyo pace adzawasiya, pa Deuteronomo 34:6 timva kuti manda a Mose sanadziwike kufikira tsiku limene mlembi analemba, ndipo palibe ati anapezeka m'mawa mwace. Apa Jerome wanena zoona, ndipo cinenero cathu cimuvomereza. Tikati nkhalamba yakuti sinalawe mowa kufikira imfa, palibe ayesa kuti inayamba kumwa kumanda.

Koma pali mbali ina imene Jerome aidumpha. Ine nchito yanga ndi ya ukalaliki, ndipo ndikalemba kalata yakuti malipiro a munthu aimitsidwa kufikira atabweza ngongole, mwini wace adziwa kuti akabweza adzayambanso kulandira. Kanenedwe aka ndiko kofala koposa, ndipo Mateyu yemweyo akagwiritsa nchito m'mutu wotsatira: pa 2:13-15 Yosefe akhala ku Aigupto kufikira imfa ya Herode, ndipo Herode atafa iye abwerako. Cotero liu limeneli lili ndi njira ziwiri, ndipo palokha silingaweruze mlandu. Khote-khote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Mutu wa Mateyu m'ndime imeneyi waloza pa cinthu cimodzi, kuti Yosefe sanali atate wombala Yesu. Za zaka za pambuyo sanafune kutiuza. John Calvin, amene palibe angamuyese wokondera Roma, anaweruza comweco pomasulira ndimeyi, nati sitingatengepo umboni wa zimene zinacitika Yesu atabadwa. Tsono Jerome wathyola mkondo wa Helvidius, koma iye mwini sanalase kanthu.

Pa liu lakuti “woyamba” Jerome aoneka wamphamvu koposa. Akumbutsa lamulo la pa Numeri 18:15-16, lakuti mwana wamwamuna wotsegula mimba aomboledwe ndi masekeli asanu atakwana mwezi umodzi, nafunsa ngati wansembe akanadikira kuti waciwiri abadwe asanalandire za woyamba. Funsoli lilibe yankho. Ifenso mwana wacisamba timucha wacisamba tsiku lomwe wabadwa, ngakhale mai wace asadzabalenso. Ofukula zakale anapeza mwala wa pa manda a mkazi Waciyuda ku Tell el-Yehudieh m'dziko la Aigupto, wa caka ca 5 Kristu asanabadwe, wonena kuti mkaziyo anafa pobala mwana wace woyamba. Ameneyo ndithu sanabale waciwiri. Otsata Helvidius angayankhe kuti Luka anali nalo liu lina lonena mwana mmodzi yekha, limene aligwiritsa nchito pa mwana wa mkazi wamasiye wa ku Nayini ndi pa mwana wa Yairo. Nzoona, koma pa 2:23 Luka afotokoza za lamulo la mwana wotsegula mimba, ndipo ici cikwanira kutiuza cifukwa cace anasankha liu lakuti woyamba. Pa mutu uwu Helvidius wagwa.

Mtima wa kabukuka uli pa liu lakuti “abale,” ndipo pano ndipo ife olankhula Cinyanja tiyenera kusamala. Jerome ati m'Malembo munthu achedwa mbale m'njira zinai: pobadwa m'mimba imodzi, pokhala a mtundu umodzi, pokhala a banja limodzi, ndi pokondana. Asonyeza kuti Loti, mwana wa Harana mbale wa Abrahamu, achedwa mbale wa Abrahamuyo, ndi kuti Labani acha Yakobo mbale wace ngakhale anali mwana wa mlongo wace. Pamenepo aweruza kuti abale a Yesu anali ana a Mariya wina, wa Klopa, amene iye amuyesa mbale wace wa mai a Yesu potsata Yohane 19:25.

M'makutu mwathu mau awa amveka osabvuta konse. Kwathu mkulu wa amai ndi mng'ono wao tiwacha amai, ndipo ana ao ndi akulu athu, ang'ono athu ndi alongo athu. Liu lakuti msuweni tilisungira ana a amalume ndi ana a mlongo wa atate. Ngati Jerome analondola, ndiye kuti m'cinenero cathu anthu aja sangachedwe asuweni a Yesu ai, ali abale ace ndithu, ndipo womasulira Baibulo sasowa kusintha liu. Mzungu amene acha ana onsewa ndi liu limodzi lowasiyanitsa ndi abale a m'nyumba abvutika kumvetsa cimene mwana wa kwathu acidziwa asanayambe sukulu. Ici citithandiza kuona kuti maganizo a Jerome si opusa monga ena awanenera.

Komatu kuphweka kumeneku kungatinyenge. Mauthenga Abwino sanalembedwe m'Cinyanja kapena m'Cihebri, analembedwa m'Cigriki, ndipo funso ndilo lakuti Cigriki cinena bwanji. Zitsanzo za Jerome, za Loti ndi za Yakobo, zicokera m'mabuku olembedwa m'Cihebri, cinenero cimene cinalibe liu limodzi lapadera la mwana wa mbale wa atate kapena wa amai. Cigriki cinali nalo liu lotere, anepsios, losiyana ndi adelphos, mbale. Lipezeka pa Akolose 4:10 pofotokoza cibale ca Marko ndi Barnaba. Koma Paulo, polembera anthu olankhula Cigriki pa Agalatiya 1:19 ndi 1 Akorinto 9:5, acha Yakobo ndi anzace adelphos. Josephus, wolemba mbiri Waciyuda, pofotokoza za kuphedwa kwa Yakobo m'caka ca 62, amuchanso mbale wa Yesu. Umboni wolemera koposa ndi wa Hegesippus, Mkristu wolemba pafupi ndi caka ca 180, amene mau ace anasungidwa ndi Eusebius. Iye ati Klopa anali mbale wa Yosefe, ndipo Simeoni mwana wa Klopa, amene analowa m'malo mwa Yakobo potsogolera mpingo wa ku Yerusalemu, amucha anepsios wa Ambuye, pamene Yakobo amucha mbale. Munthu mmodzi wogwiritsa nchito mau onse awiri, lina pa uyu lina pa uyo, aoneka kuti anadziwa kusiyana kwace. Oteteza Jerome ayankha kuti dzina lakuti abale a Ambuye linayambira pakati pa Akristu a ku Yerusalemu olankhula Ciaramu, ndipo linalowa m'Cigriki monga linaliri. Yankho ili ndi lotheka, koma ndi ganizo cabe lopanda mboni.

Cinanso, kuti Jerome afike pa ciweruzo cace ayenera kulumikiza zingwe zambiri. Ayenera kunena kuti Yakobo mbale wa Ambuye ndiye mtumwi Yakobo mwana wa Alifeyo. Kuti yemweyo ndiye Yakobo wamng'ono wa pa Marko 15:40. Kuti mai wace ndiye Mariya wa Klopa. Ndi kuti Mariya ameneyo ndiye mbale wa mai a Yesu. Mfundo imodzi ikamasuka, mtolo wonse umwazika. Cingwe colimba pa zonsezi ndi ca Marko 15:40, pamene Mariya wina achedwa mai wa Yakobo ndi Yose, maina omwewo a abale awiri oyamba a pa 6:3. Ici ncoyenera kucilemekeza. Koma zotsalazo nzofooka. Yohane 7:5 atiuza kuti abale a Yesu sanakhulupirire Iye pa nthawi imene khumi ndi awiri aja anali atasankhidwa kale, ndipo Macitidwe 1:13-14 achula atumwi paokha ndi abale a Yesu paokha. Ndiponso nkobvuta kuganiza kuti makolo anapatsa ana ao akazi awiri dzina limodzi la Mariya. J. B. Lightfoot, m'buku lace lomasulira Agalatiya la caka ca 1865, anasonyeza kuti palibe wolemba wodziwika amene anaphunzitsa zimenezi Jerome asanatero, ndi kuti Jerome mwini m'makalata a ukalamba wace sanazigwirenso zolimba.

Panali njira yacitatu imene Jerome anaikana, yakale koposa yace. Buku lochedwa Protevangelium la Yakobo, lolembedwa zaka za pakati pa 150 ndi 200, linena kuti Yosefe anali mwamuna wofedwa wokhala ndi ana kale pamene analandira Mariya. Epiphanius, bishopu wa ku Salamis pa cisumbu ca Cyprus, anateteza ganizo limeneli zaka zowerengeka Jerome asanalembe, ndipo mipingo ya Orthodox iligwira kufikira lero. Njira iyi ilola liu lakuti mbale kukhala monga liliri, pakuti ana a Yosefe akanachedwa abale a Yesu monga Yosefe anachedwa atate wace. Cofooka cace ncakuti buku lomwe yatsamirapo ladzala ndi nthano, ndipo mpingo sunalilandire m'Malembo. Jerome anaikana cifukwa ca ici, komanso pa cifukwa cina cimene acinena poyera: anafuna kuti Yosefe nayenso akhale wosadziwa mkazi.

Apa tafika pa cimene cinautsa mkwiyo wace. Masiku amenewo Jerome anali mphunzitsi wa akazi olemera a ku Roma, monga Paula ndi ana ace, nawalimbikitsa kusala kudya ndi kukana ukwati. Helvidius ponena kuti Mariya anali mkazi wa pabanja wolera ana ambiri, anali kucotsa citsanzo cacikuru ca moyo umenewo. Cifukwa cace kumapeto kwa kabukuka Jerome aleka za Malembo nayamba kujambula nyumba ya mkazi wokwatiwa: makanda alira, anchito apokosera, ophika athamanga, mwamuna afika ndi alendo, ndipo mkaziyo alibe mpata wa kuganiza za Mulungu. Alemba mokoma ndi moseketsa, pakuti luso la mau anali nalo. Koma ndiyesa kuti pano ndipo kabuku kacepera. Amai athu amene anatiphunzitsa kupemphera ali ndi mwana kumsana ndi mtondo patsogolo atsutsa cithunzi cimeneci ndi moyo wao. Jerome anena kuti sanyoza ukwati, koma cifanizo cace cinena zina. Anthu a m'nthawi yace anaona comweco: m'caka ca 393 atalemba buku lina lotsutsa Jovinian pa nkhani yomweyi ya ukwati, bwenzi lace Pammachius anayesa kucotsa makope ace m'manja mwa anthu ku Roma cifukwa ca ukali wa mau ace.

Kalembedwe kace pa mnzace nakonso nkosayenera kutsanzira. Amucha mbuli yosaphunzira, namlinganiza ndi munthu uja anatentha kacisi wa Diana kuti dzina lace limveke. Helvidius atachula Tertullian monga mboni yace, Jerome sayankha mau a Tertullian, angoti sanali munthu wa mpingo. Iye mwini achula Ignatius, Polycarp, Justin ndi Irenaeus monga omvomereza, koma sapereka mau ao. Ndipo zimene ena mwa olembawa anateteza m'mabuku ao otifikira ndizo kubadwa kwa Yesu mwa namwali, cimene Helvidius sanacikane konse. Woweruza wabwino akamva munthu acurukitsa zotukwana, afunsa ngati mboni zamuthera.

Ngakhale ziri tero, ciphunzitso cimene Jerome anateteza cinapambana. Msonkhano wa ku Constantinople wa caka ca 553 unacha Mariya namwali wa masiku onse, ndipo msonkhano wa ku Lateran wa caka ca 649 unalimbitsa comweco. Cimene anyamata ambiri a mipingo ya Ciprotestanti sacidziwa ncakuti Martin Luther ndi Ulrich Zwingli anacikhulupirira, ndipo John Wesley anacivomereza m'kalata yace ya caka ca 1749 yolembera Mkatolika. Kukana kunafala pambuyo pace. Nawonso anyamata Acikatolika sadziwa kuti wansembe wa mpingo wao, John P. Meier, analemba m'caka ca 1991 kuti poyesa ndi miyeso ya mbiri yokha, cothekera koposa ncakuti abale aja anali ana a Mariya. M'caka ca 1978 ophunzira Acikatolika ndi Aciprotestanti anaturutsa pamodzi buku lochedwa Mary in the New Testament, nagwirizana kuti Cipangano Catsopano sicifunsa funsoli mwacindunji, ndipo sicitsekera khomo mbali iri yonse.

Ciweruzo canga tsono ndi ici. Jerome anakhoza kusonyeza kuti ndime za Helvidius sizikakamiza munthu kukhulupirira kuti Mariya anabala ana ena. Pa “woyamba” anapambana kotheratu, pa “kufikira” anafika pakati. Koma sanakhoze kusonyeza ndi Malembo okha kuti Mariya sanabale ena, ndipo ganizo lace la ana a Mariya wa Klopa ndilo lofooka pa njira zitatuzo. Munthu wowerenga Marko popanda ciphunzitso cina angaganize msanga za ana a m'nyumba imodzi. Munthu wowerenga Yohane 19:26-27, pamene Yesu apereka mai wace m'manja mwa wophunzira, angafunse kumene kunali ana enawo. Mkatolika akhulupirira ciphunzitsoci cifukwa alandira mwambo wa mpingo pamodzi ndi Malembo, ndipo ayenera kunena tero mosabisa. Mprotestanti acikayika cifukwa safuna kumanga cikhulupiriro pa cimene Malembo sanacinene, ndipo nayenso avomere kuti Malembo sanacikane poyera. Pomwe asiyana kweni-kweni ndi pa funso la amene ali ndi ulamuliro wa kumasulira pamene Buku lakhala cete.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu, ena a inu mudzakwatira kapena kukwatiwa ku mpingo wina, ndipo mlandu uwu udzalowa m'nyumba mwanu pamodzi ndi apongozi. Musanauyambe, werengani mitu yonse imene ndimezo zikhalamo, funsani liu limene mlembi analemba m'cinenero cace, ndipo yesani kufotokoza maganizo a mnzanu mwa njira yakuti iye mwini avomere kuti mwamumva. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa Jerome tengani khama lace la kusanthula liu limodzi m'mabuku ambiri. Zotukwana zace musiyire iye. Ndipo mukumbuke kuti anthu awiri aja, ndi mkangano wao wonse, anavomerezana pa cinthu cimene Mateyu ndi Luka analembera mitu yao yoyamba, kuti mwana amene Mariya anabala ku Betelehemu sanali wa Yosefe.